Kumapiri a ku Chiang Rai: midzi ya Akayan ndi Aakha, ndi sukulu yomwe ndinakafikako

Nachisale
Moni abale nonse pagulu pano. Ambiri mwakhala mukundifunsa kumbali za ulendo wanga wa ku Thailand, ndiye ndaona kuti ndingolemba pano tikambirane tonse. Ndinapita ku Chiang Mai kukachita maphunziro a zaulimi, ndipo atatha ndinakwera basi kupita ku Chiang Rai, chigawo cha kumpoto kwenikweni chomwe chinachita malire ndi Myanmar komanso Laos. Ndinkafuna kukaona momwe amalimira khofi m'mapiri. Khofiyo ndinamuonadi, koma zomwe zikundisowetsa mtendere ndi zina.

M'mapiri amenewo mumakhala mitundu ya anthu omwe chilankhulo, zovala ndi miyambo yawo n'zosiyana kotheratu ndi za Athai a kuchigwa. Ochuluka m'dziko lonse la Thailand ndi Akaren, ndiye palinso Ahmong, Alahu, Aakha, Alisu ndi Amien. Amakampani okopa alendo amagulitsa maulendo okaona anthu amenewa, moti mumzinda simungayende patali osaona chikwangwani chake.

Mudzi woyamba womwe anatitengera sunali kutali ndi mzinda. Pachipata mumalipira, akupatsani tikiti. Mukalowa mumapeza kanjira, uku zisakasa uku zisakasa, m'chisakasa chilichonse muli mayi wakhala pansi akuwomba nsalu, kumbuyo kwake atapachika masikafu ogulitsa. Awa ndi amayi Achikayan, aja mumawaona pazithunzi atakulunga mkuwa m'khosi. Alendo ankangofika, kujambula, ena kuima pambali pa mayiyo osamupatsa ndi moni womwe, basi n'kupita pachisakasa china. Panali kamtsikana kakang'ono, mkuwa m'khosi, m'masaya atakapaka ufa wachikasu uja amadzola anthu a ku Myanmar. Munthu akakalozetsa foni kankamwetulira, akangotembenuka nkhope n'kugwa, n'kuyambiranso kuseweretsa ulusi womwe unali m'manja. Unali m'mawa, pakati pa sabata, nthawi yomwe anzake ali m'kalasi. Ndinagula sikafu kwa amayi ake koma ndinatuluka ndili khuma.

Za mudzi wachiwiri ndi sukulu ndilemba, koma ndifunse kaye: kupita kumalo otere n'kuwathandiza anthuwa kapena n'kuwachita chipongwe?

Mbewe wa ku Area 25
Takulandirani achemwali. Ine ndiyankha mosapita m'mbali: n'kuwathandiza. Mayi uja munagula sikafu yake madzulo amenewo anateleka poto pamoto. Mukanapanda kupita inuyo ndi ojambulawo akanadya chiyani? Tili kuno n'zosavuta kunena kuti zimenezi zithe, koma palibe wa ife angamupatse munda kapena ntchito. Mu 2020 Covid itatseka maulendo, onse odalira alendo anaona zakuda, a ku Cape Maclear athu omwewa angakuuzeni. Munthu akamapeza chakudya ndi zomwe ali nazo, kaya ndi luso lake kaya ndi mavalidwe a makolo ake, imeneyo ndi ntchito basi.

Mayi a Chikondi (Leeds)
A Mbewe, mfundo yanu ili ndi mutu, koma ndalama ya sikafu isatiphimbe maso. Akayan kwawo si ku Thailand. Kwawo ndi ku Myanmar, makamaka chigawo cha Kayah, ndipo anayamba kuwoloka malire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pothawa nkhondo ya pakati pa asilikali a boma ndi magulu a mitundu ya m'mapiri. Anafikira ku Mae Hong Son, chigawo china cha kumpoto kwa Thailand chomwe chinachita malire ndi Myanmar. Tsono munthu wothawa nkhondo, wopanda chiphaso, wosaloledwa kukhala ndi malo akeake kapena kukagwira ntchito komwe akufuna, tinganene kuti anasankha yekha kukhala m'chisakasa? Mu 2008 a UNHCR, bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo, anadandaula poyera kuti Akayan ena omwe mayiko a New Zealand ndi Finland anavomera kuwalandira sankapatsidwa chilolezo chotuluka mu Thailand, ndipo anthu ambiri anaona kuti chowakanizira chinali ndalama za alendo. Kubwerera kwawonso n'kovuta, chifukwa kuyambira pomwe asilikali analanda boma mu Febuluwale 2021, ku Kayah kwakhala kuli nkhondo yoopsa.

Za mkuwawo ndinenepo poti ndine namwino. Khosi silitalika ayi. Mkuwa uja ndi wolemera, umakankhira pansi mafupa a m'mapewa ndi nthiti zam'mwamba, ndiye khosi limaoneka lalitali. Ambiri amayamba ali ndi zaka pafupifupi zisanu, n'kumawasinthira wautali akamakula. Zija amanena ena kuti akavula khosi limathyoka n'zabodza. Alipo amayi omwe anavula ndipo ali bwinobwino, kungoti minofu imakhala yofooka kwa kanthawi.

Mbewe wa ku Area 25
Ndamva mayi, ndipo za nkhondozo n'zomvetsa chisoni. Koma funso langa simunaliyankhe. Ife tikasiya kupita, iwo apindula chiyani?

Tembo (Chipata)
Ndilowererepo a Mbewe, chifukwa ine ku Mae Hong Son ndinafikako. Kuli mudzi wa Akayan wotchedwa Huai Pu Keng, m'mbali mwa mtsinje wa Pai, ndipo ine ndinafikako pa boti. Kumeneko ndi mudzi weniweni, anthu amakhala komweko, ana amasewera, nkhuku zikuyenda. Mlendo akafuna amamuphunzitsa kuwomba nsalu kapena kusema, amadya nawo, amagona m'nyumba mwawo. Mayi yemwe anandiphunzitsa kuwomba ndinamupatsa ndalama m'manja mwake. Ndiye ine sindinganene kuti tisiye kupita. Chofunika n'kufunsa kuti ndalama ya pachipata ikulowa m'thumba mwa ndani, ndipo kodi anthuwo kumeneko ndi kwawo kapena anachita kuwabweretsa pafupi ndi msewu kuti mabasi a alendo asavutike. Wokuperekezani akayamba kuzemba funso limeneli, yankho mwalipeza kale.

Nachisale
Zikomo a Tembo, mwandikonzera njira yolowera ku mudzi wachiwiri. Uwu unali wa Aakha, m'mapiri a chakufupi ndi Doi Mae Salong. Mae Salong payekha ndi malo odabwitsa: kunakhazikika asilikali Achitchaina a chipani cha Kuomintang omwe anagonja pankhondo ya kwawo mu 1949, n'kudzafika kumeneko mu 1961 atadzera ku Myanmar. Lero ana awo amalima tiyi, zikwangwani zambiri n'zachitchaina. Kuchokera pamenepo tinakwera pikapu, msewu wokhotakhota, kenako tinatsika n'kuyenda wapansi.

Chinthu choyamba chomwe mnyamata wotiperekeza anatiuza, yemwe anali wa m'mudzi momwemo, n'chakuti chipata musachikhudze. Ndi chipata cha mitengo chabe, iwiri yoimika ndi umodzi wopingasa pamwamba, chopanda mpanda mbali zonse. Pambali pake pali ziboliboli zosema, mwamuna ndi mkazi. Kwa Aakha chipatachi chimalekanitsa malo a anthu ndi malo a mizimu ya kutchire. Chaka chilichonse amamanga chatsopano kutsogolo kwa chakale, osagwetsa chakalecho, moti mumadutsa pansi pa zipata zingapo, zina zitayamba kufumbwa. Ndipo ukalowera pachipata suyenera kungodutsa, uyenera kulowako m'nyumba ngakhale imodzi. Chapamwamba pa mudzi pali katungwe wamkulu wa mitengo inayi italiitali yomangidwa pamodzi kunsonga. Ameneyunso sakhudzidwa wamba. Amaseweredwa pa chikondwerero chake chokha, chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, mpunga usanache, amayi atavala zovala zawo zonse zamwambo.

Ndinagona m'nyumba ya agogo ena aakazi. Pansi ndi nsungwi zong'alula, moto uli m'kati momwemo, utsi utadetsa denga lonse. Nyumbayo inagawidwa pakati, mbali ya amuna ndi mbali ya akazi. Agogowo chisoti chawo cha siliva sankachivalira alendo. Anali nacho kumutu akupeta mpunga, anali nacho akupita kukapatsa nkhumba chakudya. Ataona kuti maso anga ali pamenepo anandikoka dzanja n'kundigwiritsa timakobidi tomwe tinalendewera m'mbali, tina takalekale tofufutika, pamodzi ndi mikanda ndi nthenga zonyika mu utoto wofiira. Iwonso anagwira chitenje changa, kuchitembenuza, kuyang'ana msoko, n'kundifunsa ndi manja ngati ndinawomba ndekha. Tinadya mpunga wa kumtunda, masamba owiritsa, ndi tomato wosinja ndi tsabola woti misozi mbwembwembwe. Chilankhulo sitinkamvana, koma tinacheza mpaka usiku. Mnyamata uja anandiuza kuti amuna achikulire amatha kutchula mayina a makolo awo mibadwo yopitirira makumi asanu, chifukwa dzina la mwana limayambira pomwe lathera dzina la bambo ake. Mabanja ena analowa Chikhristu ndipo anamanga katchalitchi chakumunsi, za chipata salowereranso. Zimenezi mnyamatayo anazinena motsitsa mawu.

Kunonso ndinalipira. Koma ndinalipira mwini nyumba, ndipo ndinali mlendo wake.

Nyirenda (Rumphi)
Nkhani yokoma iyi adada ndi amama. Anachisale, za khofi musatidumphe. Kwathu kumpoto, ku Misuku ndi ku Phoka, timalima arabica m'mapiri. Iwowo anayamba bwanji?

Nachisale
A Nyirenda, anayamba posiya opium, mbewu yopangira mankhwala ozunguza bongo. Dera limeneli ndi lija limatchedwa Golden Triangle, pomwe mtsinje wa Ruak umathira mu Mekong ndipo mayiko atatu amakumana. Kale mbewu yopezera ndalama m'mapiri inali opium, chifukwa ndi yopepuka kunyamula komwe kulibe misewu ndipo ogula ankabwera okha. Boma linailetsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, koma kuletsa kokha sikunaphule kanthu. Mu 1969 Mfumu Bhumibol inayambitsa ntchito yopezera anthu a m'mapiri mbewu zina, monga zipatso ndi ndiwo zamasamba za kumalo ozizira. Mu 1988 amayi a mfumuyo, a Srinagarindra, anayambitsa ntchito ya ku Doi Tung, komwe anadzala mitengo m'mapiri omwe anali atayera, n'kubweretsa khofi ndi makademiya. Chomwe ndinatolako ine monga mlangizi n'chakuti sanathamangire kuzula mbewu yakale asanakonze msika, msewu ndi chipatala. M'mudzi muja khofi amamudzala pansi pa mitengo, amamuyanika pa matandala a nsungwi, ndipo achinyamata ena amakazinga okha n'kumagulitsa pa intaneti. Vuto lomwe anandidandaulira ndi malo. Minda yambiri boma limaiwerenga ngati nkhalango yake, ndiye munthu amalima pomwe analima agogo ake koma alibe pepala lililonse.

Tsono za sukulu. Ili chakumunsi kwa mudziwo, ndi yaboma, ndipo imalandira ana a midzi ingapo, Aakha ndi Alahu. Mnyamata uja ndiye anakatipemphera kwa ahedi dzulo lake. Tinafika 8 koloko isanakwane, ana ali pamzere, anakweza mbendera n'kuimba nyimbo ya fuko. Kenako aliyense anavula nsapato n'kuziyala pakhonde mwadongosolo, m'kalasi amalowa ndi masokosi okha. Mwana aliyense amalandira mkaka, ndipo masana amadya pasukulu pompo. Tsiku limenelo kunali mpunga ndi msuzi wa dzungu ndi dzira. Akatha kudya aliyense amatsuka mbale yake, kenako onse pamzere pampope kutsuka mano. Kuseri kuli dimba la ndiwo ndi khola la nkhuku zomwe amasamalira anawo. Ena kwawo n'kutali kwambiri, amagonera pompo, ena mwa iwo aang'ono zedi.

Zonsezo zinandisangalatsa. Chomwe chinandigwira mtima ndi kalasi ya ana oyamba kumene. Aphunzitsi ake ndi mtsikana wochokera kuchigwa, wakhama ndithu, koma Chiakha sachidziwa, ndipo ana ambiri amafika asakudziwa Chithai. Panali kamnyamata kena pakona. Aphunzitsi akafunsa kankangoyang'ana pansi, manja atapinda pachifuwa, duu. Belu litalira ndinakaona panja kakulamulira anzake pa mpira, kakukuwa, kakuseka, mawu osatha. Mayi wina wa m'mudzi amabwera kudzathandiza kumasulira, koma ndi mmodzi sukulu yonse.

Kenako ahedi anandionetsa kaundula. Nzika ya Thailand imakhala ndi nambala ya manambala 13. Ana ena m'kaundulamo nambala yawo imayamba ndi chilembo cha G. Amenewo ndi ana omwe boma silinawalembe paliponse. Ena anabadwira m'mapiri momwemo, makolo awonso momwemo, kungoti panalibe anakawalembetsa.

Aphunzitsi Phiri (Dedza)
Mwanawe, wandikumbutsa zaka zanga zonse za choko. Kamnyamata kameneko ndikukadziwa ngakhale sindinakaone, chifukwa ndakaphunzitsapo kambirimbiri. Mwana yemwe sakumva chilankhulo cha mphunzitsi amaoneka ngati mbuli pomwe ali ndi nzeru zake zonse. Amangoloweza mawu osadziwa tanthauzo, akalephera mayeso timati ndi wofooka, akasiya sukulu timati makolo ake sakonda maphunziro. Kwathu kuno mu 1996 unduna unanena kuti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma mabuku ake sitinawaone mokwanira. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi ndicho chophunzitsira. Ine ndimati mwana ayambe kuwerenga m'chilankhulo chomwe amalirira kwa amake, chinacho achiphunzire pang'onopang'ono pambali. Akadziwa kuti chilembo chimaimira liwu, luso limenelo amalisamutsira yekha ku chilankhulo china. Mayi womasulira uja ndiye munthu wofunika kwambiri pasukulupo, bwenzi atamulemba ntchito n'kumuwonjezera anzake.

Nyirenda (Rumphi)
Aphunzitsi, mwakhudza pachilonda. Ife a kumpoto tinazilawa izi. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Amayi anga amasimba kuti anangodzuka tsiku lina mabuku asintha, mphunzitsi akulankhula zomwe iwo samva. Sindikunena izi pofuna kukangana ndi wina, Chichewa ndimachikonda ndipo ndi chomwe tikulemberana pano. Koma ndikamva za mwana wa Chiakha ali duu m'kalasi, ndikumva za amayi anga.

Mbewe wa ku Area 25
Ndi ulemu wonse aphunzitsi, apanso ndisiyana nanu pang'ono. Mwana wa Chiakha akakula akafuna ntchito ku Chiang Mai kapena ku Bangkok. Kuchipatala, kubanki, kukhoti, konse ndi Chithai. Mukamuchedwetsa ndi Chiakha simukumutsekera yekha chitseko? Ndikhulupirira makolo awo omwe amafuna ana adziwe Chithai msanga.

Aphunzitsi Phiri (Dedza)
A Mbewe, palibe akunena kuti asaphunzire Chithai. Ayenera kuchidziwa, ndipo bwino lomwe. Tikusiyana pa njira yofikira. Inu mukuti tim'ponye m'madzi akuya asambire, ine ndikuti ambiri amamira tisanawawerenge n'komwe. Amene mumawaona ku Bangkok ndi omwe anapulumuka. Omwe anasiyira Sitandade 3 ali kumunda, simuwaona. Ndipo taganizirani agogo aja otchula mibadwo makumi asanu. Mdzukulu wogonera kusukulu kuyambira ali wamng'ono, wobwera kunyumba patchuthi pokha, adzawamvera liti? Mayina amenewo akapita nawo kumanda agogowo, palibe buku lodzawabweza.

Gama (Joni)
Ine zandikhudza ndi za chilembo cha G. Amene tili kuno ku Johannesburg tikudziwa moyo wopanda pepala: ukaona galimoto ya apolisi mtima phaa, kuchipatala umapita utafooka kale, bwana akakubera malipiro ulibe kokadandaula. Koma ife tili ndi kwathu, zikavuta timakwera basi. Awa akuvutika chonchi m'dziko lomwe anabadwira. Mukukumbuka anyamata a mpira aja anatsekeredwa ndi madzi m'phanga la Tham Luang mu Juni 2018? Ndi ku Chiang Rai komweko, boma la Mae Sai. Anali anyamata 12 ndi kochi wawo. Dziko lonse linali maso pa TV. Atawatulutsa mu Julaye ndi pomwe anthu anadziwa kuti kochiyo ndi anyamata atatu analibe unzika wa dziko lililonse, kuphatikizapo mnyamata uja analankhula Chingerezi ndi akatswiri osambira a ku Britain omwe anawapeza. Anawapatsa unzika mu Ogasiti chaka chomwecho. Ndinasangalala nawo, koma ndinadzifunsa kuti nanga anzawo omwe sanalowe m'phanga?

Mayi a Chikondi (Leeds)
A Gama mwalasa. Koma tinenenso zomwe boma la kumeneko lachita bwino. Kuyambira mu 2005 nduna zinagwirizana kuti mwana aliyense ali mu Thailand aziloledwa kusukulu, kaya ali ndi chiphaso kaya alibe. Nambala ya G ija inabwera kuti ana otere alembedwe ndi kuwerengedwa pa ndalama za sukulu. Kumalo akutali kwambiri kulinso sukulu zoyendetsedwa ndi apolisi olondera malire, apolisiwo ndiwo aphunzitsi. Ndipo mu Okutobala 2024 nduna zinavomereza njira yachidule yoti anthu pafupifupi 483,000 apeze chilolezo chokhazikika kapena unzika. Chovuta n'chakuti mwana amatha kuphunzira bwinobwino, koma pomaliza n'kupeza kuti sangatuluke m'chigawo chake popanda chilolezo, ndipo ntchito zina monga za boma sangalembedwe. Ndiye chiphasocho chikachedwa, khama lonse la aphunzitsi aja limakathera pa malire a chigawo.

Tiyamike
Moni makolo anga nonse. Ine ndine wamng'ono pagulu pano koma ndawerenga zonse. Chaka chamawa ndikuyembekezera kupita ku Bangkok ku msonkhano wa achinyamata ndipo ndikufuna ndikafike kumapiriko. Ndimaganiza zotenga maswiti ndi mabisiketi okagawira ana, komanso kupempha ndikaphunzitseko Chingerezi tsiku limodzi. Anti a Nachisale, zingatheke?

Mayi a Chikondi (Leeds)
Tiyamike mwanangu, mtima wako ndi wabwino, koma maswiti asiye. Kumapiri dokotala wa mano ali kutali, ndipo aphunzitsi akuyesetsa kuwaphunzitsa anawo kutsuka mano. Chachiwiri, mwana akazolowera kuti mlendo ndi maswiti amayamba kudikirira magalimoto pamsewu m'malo mokhala m'kalasi. Kwathu kunyanja tinaziona, ana kuthamangira mzungu aliyense dzanja lili patsogolo. Palibe kholo limakondwa kuona mwana wake akutero.

Za zithunzinso ndichenjezeretu. Kuno ku England sungalowe pasukulu n'kuyamba kujambula ana, angakuitanire apolisi. Nanga bwanji tikafika kwa osauka timaona ngati n'zololedwa? Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Makamaka ana opanda mapepala, kuika nkhope zawo pa Facebook pamodzi ndi dzina la mudzi kungawaike m'mavuto omwe iwe sudzawaona n'komwe.

Aphunzitsi Phiri (Dedza)
Za kuphunzitsa tsiku limodzizo ndikuuze monga mwini kalasi. Alendo otere ankabwera pasukulu yathu. Tinkaimitsa masamu, ana n'kuimba nyimbo yowalandira, mlendo n'kuwaphunzitsa mayina a ziwalo za thupi omwe mlendo wa mwezi watha anawaphunzitsa kale. Akachoka, ana osokonekera tsiku lonse, ine n'kutsala m'mbuyo ndi silabasi. Ngati ukufuna kupita, pempha kwa ahedi pasadakhale, ukhale kumbuyo, uonerere, ufunse aphunzitsi chomwe akusowa. Iwo ndiwo akudziwa.

Nachisale
Tiyamike, akuluakulu anena kale. Ine ndinafunsa ahedi chomwe chikusowa, ndimayembekeza kuti anena makope. Anati mabulangete ndi masokosi a ana ogonera, chifukwa mu Disembala ndi Januwale m'mapirimo mumazizira koopsa, m'mawa nkhungu ili tolo. Tinatsika kumsika, tinagula komweko, tinakapereka ku ofesi, ndipo anawo sanadziwe n'komwe kuti zachokera kwa ndani. Kugula komweko kuli bwino kusiyana ndi kunyamula katundu kuchokera kuno, ndalama imatsala kwa wamalonda wa m'deralo. Zithunzi za ana ndilibe, n'chifukwa chake mwaona ndaika za khofi, chipata chapatali ndi nsapato pakhonde basi. Cha agogo aja ndili nacho chifukwa anachita kundiuza okha kuti ndiwajambule, atakonza kaye chisoti, koma chimenecho n'changa ndi iwo.

Chinanso, anawo anali asanaonepo munthu wakuda pafupi. Anandizungulira, ena kugwira tsitsi langa, kamodzi kupukuta mkono wanga ndi chala. Sindinakhumudwe. Aphunzitsi anatulutsa mapu, ndinawaonetsa Malawi ndi nyanja yathu, iwo n'kumafunsa ngati kwathu kuli mpunga, ngati kuli njovu, ngati ana amamenyedwa akachedwa. Pamenepo tonse tinali kuonana, palibe ankangoonedwa yekha.

Mbewe wa ku Area 25
Za maswiti ndi zithunzi ndagwirizana nanu nonse. Za a Tembo zofunsa kuti ndalama ikupita kwa ndani, nazonso ndavomera. Koma mayi wa m'chisakasa uja sindinamuiwale. Alendo onse ozindikira akamapita ku midzi yabwinoyo, iye atsala ndi omwe samulonjera aja, ndipo sikafu yake igulidwa mocheperapo. Ine nditapita ndikhoza kukafikabe kwa iye, kumupatsa moni, kukhala pansi, kugula kwa iye mwini.

Tembo (Chipata)
Pamenepo sindingakutsutseni a Mbewe. Kungoti tikiti ya pachipata ija ndi yomwe imapangitsa eni malowo kuona kuti bizinesi ikuyenda, n'kukatenganso mabanja ena. Ine mtima wanga sungandilole, koma wopita monga mwanenera inuyo sindingamuweruze.

Nachisale
Inenso pamenepa mtima wanga uli pawiri, a Mbewe. Kamtsikana kaja ndi komwe kamandiletsa kuvomera. Amayi ake ndi wamkulu, akhoza kunena kuti iyi ndi ntchito yanga. Koma mwana kukhala m'chisakasa nthawi ya sukulu chifukwa alendo amakonda kujambula ana, pomwe lamulo la dzikolo likumulola kukhala m'kalasi, chimenecho sindingachikometse.

Tiyamike
Zikomo kwambiri nonse, ndamva ndipo maswiti ndawasiya. Anti, ndifunseko zomaliza. Miyezi yabwino ndi iti, ndipo ndivale zotani? Msonkhano wathu ukhoza kukhala mu Epulo.

Nachisale
Epulo si wabwino pa zomwe ukufunazo. Sukulu zimakhala zotseka kuyambira mu Malichi mpaka pakati pa Meyi, zimatsekanso mu Okutobala. Komanso kuyambira Febuluwale mpaka Epulo kumpoto konse kumakhala utsi wa moto wa m'minda ndi m'nkhalango, mapiri osaoneka, anthu atavala zotseka pamphuno. Ngati uli ndi chifuwa cha mphumu usayerekeze. Nthawi yabwino ndi Novembala mpaka Januwale: mvula yatha, misewu ikuyendeka, khofi akuthyoledwa, koma utenge juzi yokhuthala. Zovala zikhale zophimba mapewa ndi mawondo, chitenje chako chikwanira, ndi nsapato zosavuta kuvula chifukwa uzivula pakhomo lililonse. Mutu wa munthu, ngakhale wa mwana, usaugwire. Ndege ine ndinakwera ya Ethiopian kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Bangkok, ndipo kuchokera kumeneko kuli ndege ndi mabasi opita ku Chiang Rai. Wokuperekeza ufune wa m'mudzi momwemo, wolankhula chilankhulo chawo. Deti la msonkhano likadziwika undiuze kumbali, tione ngati ungasunthe ulendo wa kumapiriwo.